Firiji ya aSopo

Azakhali anga sankagulitsa mkaka kwa munthu wobwera ndi kapu yakuda. Kaya wabwera ndi mwana akulira kumsana, kaya wachedwa kuntchito, iwo ankayamba alandira kapuyo, n'kuitembenuza, n'kuisuzumira ngati mwagwera singano. Akangoona kamzere ka tiyi wadzulo, basi, bwerera ukatsuke. Anthu ankang'ung'udza, ena ankatukwanira pansi, koma ankabwerera ndithu, n'kubweranso kapu ikudontha madzi. N'chifukwa chake msewu wonse unkawatchula kuti aSopo. Dzinalo ankalidziwa ndipo sankadana nalo. Ankati bola kutchedwa sopo kusiyana ndi kutchedwa zimene sopo amachotsa.

Ndayamba ndi kapu dala. Mayi ameneyu analibe nyumba yakeyake, analibe mwamuna, analibe mwana wamoyo. Chimene anali nacho ndi mawu amodzi: mkaka wanga sunadwalitsepo mwana wa munthu. Ankawanena akamatsuka, akamakangana, ngakhale popanda wowafunsa. Ndiye chaka chija ana atayamba kudwala m'nyumba imene ankakhala, mmodzi mpaka kumwalira, mawu amenewo ndi amene anali pamoto. Ndipo ine, mwana wa achimwene awo, amene ndinakula ndi mkaka womwewo, ndinali mmodzi wa anthu otumidwa kukafufuza.

Anabwera m'tauni ali mtsikana, atakwatiwa ndi bambo wina wokonza njinga. Anabereka mwana mmodzi, wamkazi, amene anamwalira asanayambe n'kuyenda komwe, ndi matenda otsegula m'mimba. Nkhani imeneyi sankaikamba. Ine ndinaimva kwa bambo anga, ndili wamkulu kale. Wokonza njinga uja sanachedwe, anapeza mkazi wina n'kusowa ndi zitsulo zake zomwe. Azakhali anapeza ntchito yokolopa mu wodi ya ana kuchipatala, ndipo kumeneko ndi kumene anaphunzira zimene anadzakhala nazo moyo wawo wonse: kuti chimene chimapha ana sichioneka ndi maso, kuti madzi owira ndi sopo ndiwo adani ake, ndiponso kuti ntchentche si kachilombo koseka nako.

Koma ntchito imeneyo inawalanda zinthu ziwiri. Inawathyola msana, moti masitepe ankawaopa ngati njoka. Ndipo mankhwala okolopera aja, amene ankawasungunula ndi manja tsiku ndi tsiku, anawapha mphuno. Sankamva fungo lililonse. Ine nditapita kukakhala nawo kuti ndiziphunzira m'tauni, ndinkabwera kuchokera kusukulu n'kupeza nyemba zikupserera pamoto, utsi uli tolo, iwo atakhala pompo akusoka, mtima uli m'malo. Ndikawauza ankandiyankha kuti mphuno ndi ya anthu aulesi, munthu waukhondo amaona ndi maso.

Msana utakanika, anasiya ntchito n'kuyamba mkaka. Bambo wina woweta ng'ombe kunja kwa tauni ankawabweretsera m'mamawa panjinga. Iwo ankausefa ndi nsalu yoyera, n'kuuwiritsa mpaka ufufume, n'kuuthira m'chigubu chachitsulo chimene ankachitsuka ndi madzi otentha. Ena ogulitsa mkaka ankathiramo madzi. Azakhali akamva zimenezo ankachita kunjenjemera ndi ukali. Ine ntchito yanga inali kuonetsa zikhadabo ndisanakhudze chilichonse, ndipo ndikuuzeni, panalibe mwana wa sukulu wa zikhadabo zazifupi ngati ine m'tauni monsemo.

Nyumba imene tinkakhalayo kale inali sitolo yaikulu. Eni ake anaigawagawa ndi matabwa n'kukhala tizipinda, banja lililonse kachipinda kake, mpopi umodzi pakhomo, chimbudzi kuseri. Ukayetsemula, woyandikana naye ankakupepesa. Denga linali la simenti, lathyathyathya, ndipo pamwamba pake panali thanki ya madzi. Chipinda cha azakhali chinali kumapeto kwenikweni, ndipo kuseri kwake kunali kampata kopapatiza pakati pa khoma ndi mpanda wa nyumba ina, kosafika dzuwa. Pakhoma limenelo panatsika paipi yochokera kuthanki, yotayira madzi thanki ikadzaza. Inkadontha usana wonse, dontho, dontho, madzi oyera a kumpopi.

Pamenepo ndi pamene panali firiji ya aSopo. Magetsi analibe, koma anali ndi nzeru. Chigubu cha mkaka wowiritsa ankachikulunga ndi chiguduli n'kuchiimika pansi pa paipiyo. Madzi ankanyowetsa chiguduli, mphepo n'kumaomba, mkaka n'kuzizira mpaka madzulo osasasa. Pakamwa pa chigubu ankamangapo nsalu yoyera. Pambali pake ankaikapo kabeseni kolandira madontho, ndipo m'kabesenimo ankamizamo kapu yotungira, kuti ntchentche isaitere. Wogula akabwera, ankavuula kapuyo, n'kuikutumula, n'kuiviika mu mkaka. Alendo onse ankawaonetsa malo amenewa. Ine ndinkawanyadira, ndipo zaka zonse zimene ndinakhala kumeneko palibe amene anatsegulapo m'mimba chifukwa cha mkaka umenewo.

Kenako ndinakula, ndinakwatiwa, n'kusamukira mbali ina ya tauni. Ndinapeza ntchito ku ofesi ya zaumoyo ya mzinda. Musaganize za mpando wozungulira ayi. Ntchito yathu ndi ya miyendo: kulowa nyumba ndi nyumba, kuona ngati muli zenera, kufunsa kuti chipinda chimodzi mumagona anthu angati, kusuzumira m'zimbudzi za eni ake, kutunga madzi ndi mkaka m'timabotolo kuti akapime. Agalu amatidziwa, eni nyumba amatithawa. Azakhali ankauza aliyense kuti ntchitoyo anandiphunzitsa ndi iwo, ndipo sindinkawatsutsa.

Nthawi imeneyo eni nyumba aja, amene anthu ankawatchula kuti aOnjezani chifukwa chaka sichinkatha osawonjezera kanthu, kaya chipinda kaya lendi, anaona kuti denga likungokhala. Anamangapo zipinda zina pamwamba, n'kulowetsamo mabanja, fumbi lisanaphwe n'komwe. Pomangapo paipi ya azakhali inasiya kudontha. Koma abale, munthu anavutika! Mkaka unkasasa dzuwa lili pamutu. Ankawadikirira aOnjezani pakhomo n'kumawadandaulira kuti amisiri awaphera firiji. AOnjezani ankangoti tiona, tiona. Anthu atalowa m'zipinda zapamwamba zija, tsiku lina paipi inayambanso kudontha. Azakhali anasangalala ngati mwana. Anawathokoza eni nyumba pamaso pa anthu, mpaka kuwapatsa mkaka waulere. Bambo aja, opanda manyazi, analandira kuthokozako, ati ndi udindo wawo kusamala anthu awo.

Moyang'anana ndi chipinda cha azakhali munkakhala mtsikana wina amene mwamuna wake ankanyamula katundu kumsika. Anali ndi mapasa, ndiye aliyense ankangoti amake mapasa. Anawo azakhali anawapatsa maina awoawo: wamwamuna anali Phokoso, wamkazi anali Chete, ndipo mainawo anawakwana. Phokoso ankagogoda chitseko cha azakhali ndi supuni kuyambira m'mawa, Chete ali pambuyo pake atagwira malaya. Amake mapasa anali asanazolowere za m'tauni, ndipo azakhali anamutenga ngati mwana wawo. Ankamukalipira za matewera, za zikhadabo, za kapu, iye n'kumangoseka. Ankawatchula kuti amayi.

Itafika nyengo yotentha, ana anayamba kudwala. Kutsegula m'mimba, kusanza, kutentha thupi. Lero wa apa, mawa wa apo. Phokoso anali mmodzi wa oyamba. Anakana phala, anakana tiyi, anakana chilichonse, koma mkaka wa azakhali ankamwako pang'ono. Ndiye iwo anayamba kumutumizira m'mawa ndi masana, wozizira bwino wochokera m'firiji, osalipiritsa, ati mwana apeze mphamvu. Ana ena odwala m'nyumbamo ankawachitiranso chimodzimodzi. Ankayenda chitseko ndi chitseko, msana uli wopindika, kapu ili m'manja. Phokoso anamutengera kuchipatala atafooka kale, ndipo sanabwereko.

Ine ndinapita kukawaona maliro atatha. Ndinawapeza akukwecha pansi pamene panali poyera kale. Anandiuza kuti choyambitsa matendawa ndi ngalande ya kutsogolo kwa nyumba, kuti ndi amayi osasamba m'manja, kuti akhala akunena koma anthu samva. Maso anali ofiira. Mwana uja ankamukonda kwambiri.

Ofesi inatituma ine ndi abwana anga, bambo wachikulire wosalankhulalankhula amene tinkamutchula kuti aTochi, chifukwa ngakhale dzuwa liswe mtengo ankayenda ndi tochi m'thumba. Tinapita m'mawa, monga mwa nthawi zonse. Ife a zaumoyo tinkayenda m'mawa, kuti timabotolo tifike kopimitsa kusanatenthe. Ndipo anthu ankadziwa zimenezo. Tinapeza pakhomo posesedwa, ana osambitsidwa, chimbudzi cha kuseri chothiridwa phulusa. Tinatunga madzi a pampopi. Poti mkaka unali wa azakhali anga, aTochi anati atunga okha, ine ndiime patali. Azakhali anawalandira ngati alendo aulemu. Mkaka unali utangophulidwa kumene, ukadali mumphika, nthunzi ili kobo, ndipo anawathirira m'kabotolo ndi chipande chimene anachiviika kaye m'madzi owira.

Zotsatira zitabwera, madzi a pampopi analibe vuto, mkaka unalibe vuto. Ndinapuma. Azakhali anayenda msewu wonse mutu uli m'mwamba. Mayi wina wogulitsa makala anali atayamba kunong'ona kuti ana onse odwala amamwa kwa aSopo, ndipo ine ndinamupeza pamalo pake n'kumuuza mawu amene sindingawabwereze pano. Ndinamufunsa ngati munthu wa manja ngati akewo ali ndi pakamwa ponenera za ukhondo.

Koma ana anapitiriza kudwala, ndipo aTochi sanakhutire. Anayenda okha m'misewu yoyandikana nayo, kufunsa khomo ndi khomo. Atabwera anandiitanira pambali n'kundiuza kuti kuli ana odwala amene samwa madzi a mpopi umenewo, sasewera pangalande imeneyo, sanalowepo n'komwe m'nyumba imeneyo. Chimene chinkawalumikiza chinali chimodzi. Sanachitchule, anangondiyang'ana. Ndinapsa mtima. Ndinawakumbutsa kuti anatunga okha, ndi manja awo, ndipo mkaka unapezeka wabwino. Anavomera. Kenako anati iwo anatunga mkaka wa mumphika, koma ana samwa wa mumphika. Anati tipitenso, koma masana, popanda kuuza munthu.

Tinafika dzuwa likuwotcha, anthu ali m'ntchito zawo. Kanjira ka pakati pa zipinda kanali kamdima, konunkha palafini ndi matewera. Azakhali anadabwa kutiona koma anakondwa. ATochi atawafunsa kumene mkaka umakhala ukachoka pamoto, nkhope yawo inawala. Imeneyo ndiyo nkhani imene ankaikonda. Anatitsogolera kuseri, akufotokoza za chiguduli, za mphepo, za anthu olemera amene amawononga magetsi pachabe.

Nditangolowa m'kampata kaja ndinamva kafungo. Sikanali kamphamvu, kankangobwera n'kupita, ndipo m'nyumba ngati imeneyo fungo limachokera paliponse. Zonse zinali monga ndinazisiyira ndili mwana: chigubu chili chilili, chiguduli chili chinyezi, nsalu ili mbee, kapu ili m'kabeseni. Madzi a m'kabesenimo ankaoneka oyera. Azakhali anavuula kapu, anaikutumula, anamasula nsalu, n'kutunga. Anathira m'tambula yawo ya alendo n'kuwapatsa aTochi kuti alawe kuzizira kwake.

ATochi analandira ndi manja awiri, anathokoza, koma sanamwe. Anaika tambulayo pawindo, n'kutulutsa tochi. Anaunika paipi kuyambira pansi, pang'onopang'ono, mpaka pamene inalowera m'khoma. Ndi pamene ndinaona kuti madzi sankatuluka m'kamwa mwa paipi ayi. Ankatsetsereka kunja kwake, kuchokera pamng'alu wa pakhoma, pamene panali ndere zakuda.

"Mayi, madzi amenewa amachokera kuti?"

"Kuthanki," azakhali anayankha. "Ndi a kumpopi omwewa, abwana. Zaka zonsezi."

Anawafunsa ngati anakwerako pamwambapo chimangire zipinda zatsopano. Azakhali anaseka, ati ndi msana uti. ATochi anapisa m'chikwama n'kundipatsa kapaketi ka ufa wobiriwira. Ufa umenewu timauthira m'zimbudzi ndi m'ngalande tikafuna kudziwa kumene madzi ake amathera. Anandilozera kumwamba.

Ndinakwera masitepe achitsulo amene anawotcherera m'mbali mwa nyumba. Pamwamba panali tizipinda ta malata tothinana, zingwe za zovala, mbaula pakhomo lililonse. Ndinayang'ana thanki pamene ndinkaidziwa, pakona ya pamwamba pa chipinda cha azakhali. Panalibe. Anali ataisunthira mbali ina, kutali. Pamalo pake panali kachimbudzi ka mabanja onse a pamwambapo, chitseko chomangidwa ndi waya, simenti yapansi yong'ambika. Kumbuyo kwake ndinapeza mutu wa paipi yakale ija, wodulidwa, wotsekedwa ndi chisanza. Sinali yolumikizidwa ku chilichonse. Paipi ya chimbudzi inalowa m'khoma pambali pake penipeni.

Ndinaima pamenepo ngati chitsiru. Mayi wina amene ankachapa anandifunsa ngati ndikufuna kulowa, ati ndisaope, mulibe munthu. Ndinamupempha ndowa ya madzi. Ndinang'amba kapaketi, ndinathira ufa uja m'chimbudzi, n'kukhuthuliramo ndowa yonse. Ndikutsika masitepe ndinkapemphera, ine amene ndimadziwa bwino ntchito yanga, kuti ufawo ukatulukire kwina kulikonse.

Pansi ndinapeza azakhali akuwasimbira aTochi za ubwana wanga, mmene ndinkabisira zikhadabo kumbuyo. Anali atamanganso nsalu pachigubu. Anandifunsa ngati thanki ndaiona, ndipo ndinangoti ndatopa ndi masitepe. Tinaima. Paipi inkadontha monga mwa masiku onse. Azakhali anawakumbutsa aTochi kuti mkaka wawo ufunda pawindopo. Panapita nthawi moti ndinayamba kulimba mtima, n'kumaganiza za mawu amene ndidzawauze abwana anga pobwerera.

Kenako dontho lina linagwera pansalu yoyera ija, n'kusiya kadontho kobiriwira. Linatsatira lina. Lina linagwera m'kabeseni, mtundu uja n'kuyamba kufalikira m'madzi, kuzungulira kapu yotungira.

Azakhali anasiya nkhani pakati. Anawerama, anakhudza nsalu ndi chala, n'kuyang'ana chalacho. Anayang'ana manja anga, amene anali obiriwira ndi ufa womwewo. Munthu ameneyu anakolopa m'chipatala zaka zambiri, sanafunike kumufotokozera zambiri.

"Wathira kuti?"

ATochi anafuna kuyankha koma azakhali anawaletsa ndi dzanja, maso ali pa ine.

"Ndikufunsa iwe. Wathira kuti?"

"M'chimbudzi cha pamwamba, azakhali. Thanki anaichotsapo kalekale."

Sanakuwe, sanalire. Anakhala pansi pamatope pompo, iwo amene sankakhala ngakhale pampando asanaupukute. Anayang'ana kabeseni, anayang'ana chigubu, anayang'ana tambula ya pawindo. Mawu amene anatuluka anali akuti, "Ndinawathokoza." Anawabwereza kangapo, motsitsa, ngati akudzifunsa. Ndinkaona m'maganizo mwanga kapu ija ikuvuulidwa, ikukutumulidwa, ikuviikidwa, tsiku lonse, miyezi yonse ija. Mkaka ankauwiritsa bwinobwino, kenako ankauthira okha matenda ndi dzanja lawo lotsukidwa ndi sopo.

Tili chomwecho tinamva mapazi m'kanjira. Anali amake mapasa, Chete ali kumsana, kapu ili m'manja. Chichitikire maliro anali asanatulukepo masana, azakhali ankachita kumupititsira mkaka. Anali ataonda, mpango uli wopendekeka. Ataona alendo anagwada pang'ono n'kupereka moni. Za pansalu sanazione, chifukwa aTochi anali ataima kutsogolo kwa chigubu. Anadabwa kuwapeza azakhali atakhala pansi, n'kufunsa ngati ndi msana. Kenako anatembenukira kwa ife, ngati munthu amene wakhala akufuna wina woti amuuze.

"Amayi awa musawaone chonchi. Mwana wanga atakana zonse, ndi iwo okha amene sanatope. Mpaka tsiku lomaliza ankamumwetsa ndi manja awo."

Anatambasula dzanja n'kuwapatsa kapu, akumwetulira pang'ono, ati lero aione bwino, waitsuka kawiri. Anati Chete wayamba kudwaladwala m'mimba chiyambire dzulo, ndipo mkaka wam'mawa uja wamwa wonse.

Ndinafuna kulankhula ine, poti ndi ntchito yanga. ATochi nawo anatsegula pakamwa. Koma azakhali anali atalandira kale kapuyo. Dzanja linachita zimene linazolowera: anaitembenuza, anaisuzumira. Inali yoyera ngati yatsopano. Anadzuka movutikira, atagwira khoma, anawakankhira aTochi pambali, n'kumasula nsalu ija pachigubu. Anaitambasula pamaso pa mtsikanayo, madontho obiriwira ali poonekera.

"Mwana wanga, kapu yako ndi yoyera. Wakuda ndi mkaka wanga. Madzi awa ndi a m'chimbudzi."

Amake mapasa anayang'ana nsalu, anayang'ana paipi, anakweza maso mpaka pamwamba pa khoma. Kumwetulira kuja kunatenga nthawi kuti kuchoke, ngati nkhope sinamve zimene makutu anamva.

"Ndi womwe uja munkamupatsa uja?"

"Womwewo."

Sanatukwane. Bola akanatukwana. Anamasula Chete kumsana, anamuika pachifuwa, n'kuyamba kumupukuta pakamwa ndi nsonga ya nsalu yake, mwamphamvu, mobwerezabwereza, mpaka mwana amene sankalira uja analira. Kenako anatembenuka n'kuthamanga. Ine ndinamutsatira, tinaimitsa galimoto pamsewu n'kupita kuchipatala. Njira yonse sanandiyang'ane.

Chete anagonekedwa ndipo anachira. ATochi anakhuthulira mkaka wonse m'ngalande tsiku lomwelo, n'kutseka chimbudzi cha pamwamba ndi unyolo. AOnjezani anaitanidwa ku ofesi, anafika atavala jekete, n'kunena kuti iwo si mmisiri, ndiponso sanauzepo munthu kuti aziika chakudya pansi pa paipi. Ndinatuluka m'chipindamo ndisanachite zoti andichotse ntchito. Khoma analikonza, mabanja a pamwamba akadali pomwepo. Ife ku ofesi tinayamba kuyenda masana, ndipo mkaka timatunga ndi kapu ya mwini wake, pamene wogula amatungiridwa.

Azakhali palibe amene anawaletsa kugulitsa. ATochi anachita kuwapitira, kuwauza kuti apeze chigubu cha chivindikiro ndi malo ena, anthu akufunabe mkaka wowiritsa. Iwo anakana. Bambo wa ng'ombe anabwera m'mawa wotsatira, anamubweza ndi katundu wake. Azakhali anayenda okha khomo ndi khomo, mumsewu wawo ndi misewu ina ija, kuuza mayi aliyense zimene zinachitika, ngakhale ndinawachonderera kuti zimenezo atisiyire ife. Ena anawapepesa, ena anawatsekera chitseko. Wogulitsa makala uja anawapatsa mpando.

Amake mapasa sanabwererenso m'nyumbamo. Mwamuna wake anabwera ndi ngolo, n'kulongedza katundu masana, azakhali ali chiimire pakhomo pawo, ndipo sanapatsane moni. Ine ndinawatenga azakhali kuti azikakhala kwathu. Amatithandiza kuchapa ndi kusita, koma chakudya cha ana anga sakhudza, ngakhale kuwathirira madzi akumwa. Mwana akawapatsa kapu amaitana ine. Dzina lija la aSopo anatipempha kuti tisamalitchule.

Posamuka anasiya chigubu, mphika ndi chipande, ati atenge amene akufuna. Anangotenga zovala ndi kapu ya amake mapasa, imene inatsala m'manja mwawo tsiku lija. Ili pawindo la kuchipinda kwawo. Amaitsuka m'mawa uliwonse, n'kuitembenuza, n'kuisuzumira, koma mwini wake sanabwere kudzaitenga.